Mma Ramotswe ndi ditekitivu weniweni kapena mayi wongokonda tiyi ndi nkhani za eni?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Ndaifupikitsa koma nkhani yake ndi iyi: agogo ena achizungu amene amawasamalira anamupatsa buku la The No. 1 Ladies' Detective Agency nkumuuza kuti ili ndi la kwanu, iye wawerenga mpaka chapakati ndiye akuti mutu wamuima. Akuti, "Ditekitivu wanji osamanga munthu, osathamangitsa mbava, tsiku lonse kumangomwa tiyi ndi sekiletale wake nkumakamba za amuna a eni? Mayi ameneyu ndi munthu wotani kwenikweni? Ndipitilize kuwerenga kapena ndi Africa yongokometsera azungu basi?"

Achemwali, agogo anuwo muwakhululukire, kwa iwo Gaborone wa ku Botswana, kumene nkhaniyi ikuchitikira, ndi Lilongwe ndi mudzi umodzi. Koma bukulo musalitaye. Ndipo ndichenjezeretu kuti ndiulula zina zimene simunafikepo, ndiye amene safuna kumva mathero a nkhani asanawerenge aimire pompano.

Wolemba wake ndi Alexander McCall Smith, wa ku Scotland koma anabadwira ku Bulawayo mu 1948, nthawi imeneyo kukutchedwa Southern Rhodesia. Ndi munthu wa zamalamulo, anaphunzitsapo pa yunivesite ya Botswana, kenako anakhala pulofesa ku Edinburgh. Buku loyambalo linatuluka mu 1998 ndipo pano mabuku a mayi ameneyu adutsa 20. Za wolemba zikwane pamenepa kaye, tibwereranso kwa iye pa funso lanu lachiwiri lija.

Ine ndimati munthu sangamumvetse Mma Precious Ramotswe (Mma ndiye kuti mayi m'chiyankhulo cha ku Botswana) ngati wadumpha chaputala chachiwiri cha buku loyamba, chimene anthu ambiri amachiwerenga mothamanga poti mulibe mlandu uliwonse. M'menemo akuyankhula ndi bambo ake, a Obed Ramotswe, akufotokoza okha moyo wawo ali pafupi kufa. Anapita ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, anakhalako zaka 15, fumbi la pansi pa nthaka linawadya mapapo ndipo anabwera nalo kumudzi ku Mochudi nkumakhala nalo mpaka linawamaliza. Anachoka kumigodiko mothawa, atawona ndi maso awo anthu akuponya mnzawo mdzenje, nkudziwa kuti akakhala nawonso awatsatiza. Apa nde ngakhale ndanena kuti Botswana si kwathu, nkhani iyi ndi yathu ndithu. Ndi mabanja angati kwathu kuno amene alibe agogo kapena amalume amene anapita pa Wenela kapena pa Teba nkubwera ndi wailesi, njinga, chikhoti chachitali komanso chifuwa chosamva mankhwala? Ndege ija imene inagwa itangonyamuka pa Francistown mu April 1974 nkupha a Malawi oposa 70 ochokera kumigodi, mpaka Kamuzu kuletsa kulemba anthu ntchito ya kumeneko, inagwera mu Botswana momwemo. Ndiye a Obed mukawamva akuyankhula simufunanso munthu wokumasulirani.

Chimene bamboyu anachita mosiyana ndi anzawo ambiri nchoti ndalama za kumgodi sanamwere, anagula ng'ombe, ndipo anali ndi diso lodziwa ng'ombe yabwino. Mkazi wawo anagundidwa ndi sitima Precious ali kakhanda. Amene anamulera ndi msuweni wa bambo ake, mayi amene mwamuna anamusiya chifukwa chosabereka, ndiye chikondi chonse chimene analibe pochiika anachithira pa mwanayu. Anamuphunzitsa kuwerengera pogwiritsa ntchito mbuzi ndi ng'ombe zodutsa, kuloweza manambala a galimoto, kuyang'ana chinthu kamodzi nkuchikumbukira. Mukamadabwa kuti mayi ameneyu amaona bwanji tizinthu timene ena saona, sukulu yake inali imeneyo, pakhonde ku Mochudi.

Pali kankhani kena ka ali mwana kamene ndimakakonda. Anajambula chithunzi cha mbuzi pa mpikisano wa ana asukulu, chithunzicho chinawina koma okonza mpikisano anachilemba kuti ndi ng'ombe. Pa tsiku lolandira mphoto, pamaso pa nduna, mwana uja analephera kupirira, anaulula kuti si ng'ombe izi ndi mbuzi, ali wokonzeka kuti amulande mphotoyo. Kasungeni kankhani aka chifukwa mayi yemweyu akadzakula adzakhala katswiri wonama pa ntchito, ndipo zinthu ziwirizi zimakhalira limodzi mwa iye popanda kumenyana.

Atasiya sukulu anakagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ya mabasi ya mwamuna wa msuweni uja, ndipo kumeneko nkumene anagwira wakuba wake woyamba, mnzake wa pantchito amene ankasewera ndi mabuku a ndalama. Mpaka apa mungati ndi nkhani ya mtsikana wanzeru amene zonse zikumuyendera. Kenako mu basi anakumana ndi Note Mokoti.

Note anali woimba lipenga m'mabandi a jazz, wooneka bwino, wosayankhula zambiri, mtundu wa amuna amene mtsikana aliyense amadziwa kuti ndi moto koma amafunabe kuwotha. A Obed anamuona kamodzi kokha nkudziwiratu, anamuuza mwana wawo kuti munthu uyu si wabwino, koma Precious anali ndi mimba kale ndipo mtima unali utapita. Anakwatiwa. Note ankamumenya, kumenya kwenikweni kofika nako kuchipatala, ndipo bukulo silibisa kuti nkhanza zinayamba ukwati usanachitike. Kenako anangonyamuka osatsanzika. Mwana anabadwa, anakhala masiku ochepa nkumwalira, ndipo Precious sanadzaberekenso. Anabwerera kwa bambo ake nkuwasamalira zaka zambiri mpaka tsiku lawo lomaliza.

Ndiye mukamuona atakhala pa ofesi ndi kapu ya tiyi wa rooibos akumwetulira kasitomala, dziwani kuti kumbuyo kwa kumwetulira kuja kuli manda ang'onoang'ono ku Mochudi. Mayi akalowa mu ofesi muja nkuyamba kuzungulira, osafuna kunena kuti mwamuna wanga amandimenya kapena ali ndi chibwenzi, Mma Ramotswe safunika kumufunsa mafunso 20, anadutsamo yekha, amadziwa momwe munthu wamanyazi amakhalira pampando. Ndipo chimene chimamupweteka kwambiri si kumenyedwa kokha ayi, nchoti iye, munthu wa diso lakuthwa uja, anauzidwa chilungamo ndi bambo ake koma anasankha kusaona. Nchifukwa chake sanyoza kasitomala wopusitsidwa. Ine ndimaona kuti uditekitivu wake wonse unachokera apa, buku lija la Clovis Andersen limene amalitchula pafupipafupi ngati baibulo la ntchito yake ndi lokometsera chabe, ndipo nthawi zambiri amalitchula kenako nkuchita zosiyana nalo.

A Obed pomwalira anamusiyira ng'ombe 180. Maganizo awo anali oti agulitse nkugula bizinesi yooneka ndi maso, butchala kapena sitolo ya zipangizo zomangira. Iye ali pambali pa bedi anawauza kuti atsegula ofesi yofufuza milandu, bambo aja anatong'ola maso kufuna kuyankha koma mpweya unathera pomwepo, ndiye mpaka lero palibe akudziwa ngati anavomera kapena amafuna kukana. Loya amene ankayendetsa za chumacho anamufunsa monyoza ngati mkazi angakhale ditekitivu, iye anamukumbutsa za Agatha Christie, mayi wotchuka polemba mabuku a uditekitivu, kenako nkumuuza mwaulemu kuti zipi ya thalauza lake ndi yotsegula ndipo iye mwini sanazindikire. Ndi mmene alili mayiyu, sakweza mawu koma akakubaya umakamva ukafika kunyumba.

Katundu wa ofesi yake, mmunsi mwa phiri la Kgale mu Gaborone, anali madesiki awiri, mipando iwiri, foni, taipilaita yakale, tiipoti ndi makapu atatu, kuphatikizapo kaveni koyera kakang'ono kamene kamapendekekera mbali ya dalaivala chifukwa mwini wake ndi mayi wathupi, ndipo amanyadira thupilo, amati ndi kaumbidwe ka makolo, za kudzimana chakudya kuti uwonde amaziona ngati matenda obwera ndi magazini akunja. Anagulanso nyumba mu msewu wa Zebra Drive, kumene amadzuka mmamawa kukayendera dimba lake dzuwa lisanatenthe.

Tsopano ku funso lanu loti ditekitivu wanji osamanga munthu. Choyamba wofufuza woima payekha alibe mphamvu za apolisi, ngakhale aja a m'mabuku a ku America monga Philip Marlowe wa ku Los Angeles samanga anthu, amangomenyedwa mmutu, kumwa kachasu wachizungu nkumayenda okha usiku. Ife tinazolowera mtundu umenewo chifukwa cha mafilimu, mwamuna wosakwatira, wopanda mbale, wosakhulupirira munthu aliyense. Mma Ramotswe anamulemba dala mozondoka. Mphamvu yake ndi yoti ali ndi abale ndi odziwana nawo paliponse, Botswana ndi dziko lalikulu koma anthu ake ndi ochepa, nthawi imene bukuli limatuluka sanali kufika ndi 2 miliyoni komwe, ndiye ukafuna kudziwa za munthu sufuna kompyuta, umapita kwa wantchito wa mnyumba mwake, kwa nesi, kwa mayi wogulitsa pa shopu, umapereka moni bwinobwino, kufunsa za ana ndi za mvula, kenako nkhani imabwera yokha. Tiyi amene mukudandaula nayeyo ndiye chida chake. Munthu sangakuuze zamumtima ataimirira.

Taonani mlandu wa Happy Bapetsi, uli koyambirira ndiye mwaupeza kale. Mayi wa ntchito yabwino ku banki, bambo ake anasowa iye ali mwana, tsiku lina patulukira mdala nkunena kuti ndine bambo ako, walowa mnyumba, akudya, akulamula, osagwira kanthu. Happy akukayika koma mwambo sukumulola kuthamangitsa munthu amene mwina ndi bambo ake enieni. Mma Ramotswe anabwereka yunifomu ya unesi, nkuthamangira kunyumbako ndi kaveni kaja kuti mwana wanu wachita ngozi, akufunika magazi ambiri a kholo lake lenileni, ambiri moti woperekayo akhoza kufa. Mdala uja pomwepo anavomera kuti si mwana wake. Anamupatsa mphindi zochepa kuti alongedze, nkukamusiya pokwerera basi. Palibe polisi, palibe khoti, Happy wapeza nyumba yake ndi mtendere wake. Mungati ndi nthabwala koma taganizani, polisi ikanathandiza chani apa? Mlandu wake ukanakhala woti chani, kudya nsima ya eni?

Ine mayiyu ndimamuona ngati nkhoswe. Nkhoswe yabwino sifuna kudziwa chabe kuti walakwa ndani, imeneyo ndi ntchito yophweka ndipo kawirikawiri aliyense amakhala akudziwa kale, imafuna kuti nkhani ikatha anthuwa adzathe kupatsana moni pa maliro. Ndiye imasankha choti inene ndi choti isunge, nthawi yonenera, ndi woyamba kumuuza. Mma Ramotswe akapeza chilungamo ntchito imakhala ili pakati, amakhala pansi nkumadzifunsa kuti ndikachipereka chonchi chiphwanya ndani. Mu buku lachiwiri, la mu 2000, mayi wa ku America akufuna mwana wake wamwamuna amene anasowa mu Botswana zaka 10 zapitazo, ndipo chimene Mma Ramotswe anamubweretsera pamapeto pake si munthu womangidwa unyolo koma choonadi cha mmene mwanayo anafera komanso mdzukulu amene mayiyo sankadziwa kuti alipo.

Komatu musamuyese wofewa. Mlandu wina mwamuna anasowa atalowa kampingo kena, iye anafufuza nkupeza kuti anasowera mumtsinje pa ubatizo, anapita usiku ndi mfuti ndi galu ngati nyambo, anawombera ng'ona, kuing'amba pamimba ndi mpeni nkutulutsamo wotchi ya malemuyo. Ndiye ngati mumaganiza kuti alibe mfuti, pamenepo mwaphonya pang'ono achemwali, kungoti saiona ngati yankho la chilichonse.

Zofooka ali nazo, ndipo ndi zimene zimandichititsa kumukhulupirira. Pa nkhani ya amuna amaweruza msanga, kwa iye mwamuna akasowa ndiye kuti ali kwa mkazi wina mpaka umboni utatsutsa, bala la Note lija limayankhula. Mayi wina anabwera kudandaula kuti mwamuna wake ndi wachimasomaso, Mma Ramotswe mmalo momutsatira mwakachetechete anapita yekha ku bala, nkumukopa mwamunayo, kupita naye kunyumba kwake, nkujambulitsa chithunzi akupsopsonana kuti ukhale umboni. Mkazi uja ataona chithunzicho sanathokoze, anamutukwana kuti hule wonenepa wakuba amuna a eni. Ndipo mayiyo anali ndi mfundo yake, inu mukanamva bwanji? Palinso mtsikana wasukulu, mwana wa mmwenye wolemera, amene bambo ake anafuna kuti azitsatidwa, kamtsikanako kanamuzindikira tsiku lomwelo nkumupusitsa bwinobwino ditekitivu wathuyu. Pena amathyola malamulo akaona kuti mtima wake ukumuuza zoona, monga pamene anaba galimoto yobedwa kale kuti ibwerere kwa eni ake popanda mwamuna wa kasitomala wake kumangidwa. Kwa ine apa mpamene pali funso lovuta lokhudza khalidwe lake: amadzipatsa yekha udindo wa wapolisi, woweruza ndi m'busa nthawi imodzi, ndipo poti wolemba amamukonda, nthawi zambiri zimamuthera bwino. Pa moyo weniweni munthu wotere, ngakhale wamtima wabwino, tsiku lina adzakhululukira munthu amene samayenera kukhululukidwa ndipo wovutika adzakhala wina.

Ndi wachikale pa zambiri. Amalemekeza Sir Seretse Khama, mtsogoleri woyamba wa Botswana kuyambira pa ufulu mu 1966 mpaka imfa yake mu 1980, pafupifupi ngati mmene amalemekezera bambo ake, amakondanso Mfumukazi Elizabeth, amadandaula kuti achinyamata saperekanso moni, salandira chinthu ndi manja awiri. Koma munthu yemweyo ndi mkazi amene anatsegula bizinesi imene panalibe mkazi anaiyesapo, anakana kufunsiridwa kangapo chifukwa sankafuna kukhalanso pansi pa mwamuna, ndipo mwambo ukamapondereza mkazi kapena mwana amauponda osayang'ana kumbuyo. Azimayi otere tonse tikuwadziwa, a chitenje ndi duku, a mvano ku tchalitchi, koma pankhani ya ndalama zawo ndi ana awo sungawasunthe.

Za Africa yokometsera azungu. Funso ili ndi lachilungamo ndipo anthu ophunzira analifunsapo kale, sindikuuzani kuti mulibe kanthu. Wolemba ndi mzungu wokhala ku Edinburgh, owerenga ake ambiri ali ku Ulaya ndi ku America, ndipo anthu a m'mabukuwa amayankhula chingerezi chaulemu chapang'onopang'ono chimene nthawi zina chimawaonetsa ngati osalira zambiri kuposa mmene anthu enieni alili. Gaborone weniweni ali ndi mamolo, ma traffic jam, achinyamata osowa ntchito, kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka ngakhale dziko lili ndi dayamondi. Nthawi imene mabuku oyamba amatuluka Botswana inali mgulu la maiko okhudzidwa kwambiri ndi HIV padziko lonse, mpaka mu 2002 boma la Festus Mogae linayamba kupereka ma ARV aulere, koma m'mabukumu matendawa amangowatchula mozungulira, matenda aja, ngakhale mchimwene wake wa sekiletale akudwala mpaka kumwalira mchipinda cha lendi. Ena amati uku nkubisa. Ine theka ndimavomera, theka ndimakumbuka kuti ifenso zaka zimenezo pa maliro tinkati anadwala nthawi yaitali, dzina la matenda osalitchula, ndiye mwina wolembayo anangomva bwino mmene anthu ankayankhulira.

Koma amene amati bukuli ndi shuga yekhayekha sanalimalize. Mlandu umene ukuyenda pansi pa buku lonse loyamba ndi wa mnyamata wa zaka 11, mwana wa mphunzitsi, amene wasowa ndipo aliyense akuganiza zomwezo koma palibe akufuna kuzitchula: zizimba. Kafupa ka chala cha mwana kakupezeka mu galimoto ya munthu wolemera wa mphamvu mtauni, ndipo ngakhale a Matekoni, makaniko wamtima wabwino amene ndi bwenzi la Mma Ramotswe, akuchita mantha kufuna kuti nkhaniyo ingofera pomwepo. Izi sizongopeka kuchokera kumwamba, mu 1994 ku Mochudi komweko mtsikana wasukulu anaphedwa mwa njira imeneyi ndipo ana asukulu anachita zionetsero zoopsa poona kuti palibe akulangidwa. Ife a Malawi amene taona zimene abale athu achialubino akhala akukumana nazo sitingawerenge gawo limeneli ngati nthano. Mma Ramotswe akupita yekha kwa sing'angayo kutchire, akupeza mkazi wake, akumuopseza ndi bodza, nkupeza mwanayo ali moyo akuweta ng'ombe kutchire kosungira ziweto. Akumubweza kwa bambo ake. Koma bwana wa galimoto uja sitimuona akulowa mkhoti, ndipo fupa lija linali la mwana wina amene palibe anamupulumutsa. Kukoma kwa mathero kuja kuli ndi chowawa pansi pake, ndipo ndikuganiza kuti wolemba ankadziwa.

Chimene ndimamuyamikira nchoti anakana kulemba Africa ya nkhondo ndi njala yokha, imene azungu omwewo anaizolowera kwambiri kuposa iyi. Mkazi wakuda wonenepa, wosangalala ndi dziko lake, wopeza ndalama zake, amene safuna bungwe lakunja kuti limupulumutse, mu 1998 munthu wotere m'mabuku ogulitsidwa ku London anali wosowa. Kungoti musalitenge ngati buku lokuphunzitsani Botswana. Mukafuna Botswana wolembedwa ndi amene anamva kuwawa kwake, Bessie Head anakhala ku Serowe ngati wothawa kwawo kuchokera ku South Africa, ndipo Unity Dow, amene anakhala jaji woyamba wamkazi wa khoti lalikulu kumeneko, analembapo za kupha anthu kwa zizimba komweku mosanyengerera.

Sekiletale amene mukuti amangomwa naye tiyi uja musamuderere, Grace Makutsi ndi theka la nkhani yonse. Ndi wochokera ku Bobonong, kumudzi kosauka, anakhoza 97 peresenti ku koleji ya usekiletale ndipo sadzalola munthu aliyense kuiwala zimenezo, koma ntchito zabwino m'maofesi zinkapita kwa atsikana okongola a masiketi afupiafupi amene anakhoza mwamwayi. Magalasi aakulu, khungu lovuta, kukonda nsapato, lilime lakuthwa. Iyeyu ndi amene amanena zimene Mma Ramotswe akuganiza koma ulemu ukumuletsa, ndipo ndi amene amafuna kuti wolakwa alangidwe pamene bwana wake akufuna kukhululuka. Amadzikweza yekha paudindo pang'onopang'ono, kuchoka pa sekiletale kufika pa wothandizira ditekitivu mpaka kumtunda, Mma Ramotswe amangovomera poti kukangana naye nkutaya nthawi. Ukawerenga mabuku angapo umazindikira kuti kufatsa kwa Mma Ramotswe kumatheka chifukwa pali wina pambali pake wokalipa mmalo mwake.

Ndiye pali a J.L.B. Matekoni, makaniko wa galaja ya Tlokweng Road Speedy Motors, mwamuna wofatsa amene amamvera chisoni injini ngati munthu. Anamufunsira koyamba anakanidwa, kumapeto kwa buku loyamba anavomeredwa, koma ukwati unachedwa mpaka buku lachisanu chifukwa bamboyu ndi wozengereza, ndipo pakati apo anadwala matenda a nkhawa, kufooka mumtima osafuna kudzuka kapena kupita kuntchito, nkhani imene mabuku athu ambiri saiyika pa mwamuna wa mu Africa. Asanakwatirane nkomwe, mayi woyang'anira malo osungira ana amasiye, Mma Potokwane, amene amagwiritsa ntchito keke ya zipatso kuti anthu amuchitire zimene akufuna, anawakakamiza a Matekoni kutenga ana awiri, Motholeli amene amayendera njinga ya olumala ndi mlongo wake Puso, osamufunsa nkomwe Precious. Mkazi wina akanaswa mbale. Iye anawalandira, ndipo ngati mukukumbukira za mwana wake uja mudziwa chifukwa chake wolemba sanafunike kufotokoza zambiri pamenepo.

Note amabweranso, mu buku la mu 2004. Akufuna ndalama, akumuopseza kuti ukwati wawo sunathe mwalamulo ndiye iye wakwatiwa pawiri. Apa mpamene ndinamuona mayiyu mmene alili, chifukwa munthu amene anawombera ng'ona usiku, amene analowa pakhomo pa sing'anga yekha, akungomva mawu a Note thupi lonse likuzizira ngati kamtsikana kaja ka mu basi, akubisira ngakhale mwamuna wake. Zinadzapezeka kuti Note anali ndi mkazi kale pamene ankamukwatira, ndiye ukwati wosavomerezeka unali wa iyeyo. Anali ndi mpata womumangitsa koma sanatero. Ena amati ndi mtima wachikhristu, ine ndimaona kuti ankangofuna munthuyo achoke mmoyo mwake, khoti likanamusunga pafupi kwa zaka zina.

Mukamaliza loyambalo werengani lachiwiri, awiri amenewa ndiwo ali ndi mnofu. Akutsogolo amayamba kubwerezabwereza, tiyi, kaveni, nsapato za Mma Makutsi, ma aprentisi aulesi a kugalaja, milandu imachepa mphamvu ndipo ena ndimawawerenga ngati kukacheza kwa achibale, osati kufuna kudziwa kuti zitha bwanji. Ilipo filimu yake ya pa TV imene BBC ndi HBO anajambula mu Botswana momwemo, gawo loyamba linatuluka mu 2008 motsogozedwa ndi Anthony Minghella amene anamwalira lisanaonetsedwe, magawo ena anatsatira mu 2009 nkuthera pomwepo. Jill Scott, woimba wa ku America, ndiye Mma Ramotswe, Anika Noni Rose ndiye Mma Makutsi, ndipo a Matekoni ndi Lucian Msamati amene anakulira ku Zimbabwe. Jill anayesetsa ndithu ndipo nkhope yake ili ndi kufatsa koyenera, koma khutu la munthu wa kuno limamva kuti kayankhulidweko nkophunzira, ndiye muyambe mwamaliza bukulo kuti mawu a mayiyu muwamve kaye mmutu mwanu. Agogo anu aja mukhoza kuonera nawo limodzi, koma muwauzeko kuti kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Gaborone pa basi ndi ulendo wodutsa maiko ena pakati.